Zimene Ndinaphunzira pa Phiri la Bunda

Ndifuna kukusimbirani za ulendo umene ndinayenda pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti, ndi nzeru zimene ndinatolapo.

Kwathu ndi ku Nathenje, m'mbali mwa msewu wa M1, umene uchokera ku Songwe kumalire a Tanzania nukafika ku Marka m'boma la Nsanje. Tsiku lina pamsika pathu panaima galimoto yachilendo. M'kati mwake munali bedi, chitofu cha gasi, thanki ya madzi ndi kabati ya mbale. Eni ake, mzungu wachikulire ndi mkazi wake, anatsika kudzagula matimati. Nditawafunsa m'Chingerezi changa chothyokathyoka, anandiuza kuti galimotoyo ndiyo nyumba yawo ya pa tchuthi. Agona pamene dzuwa lawalowera, akaona phiri aima nakwera, ndipo potsiriza akacheza kwa mwana wawo wogwira ntchito ku Lilongwe. Ine ndinasirira ndithu, ndi kunena mumtima kuti, "Ife tchuthi chathu n'kukatonola chimanga kwa agogo basi."

Madzulo ndinawafotokozera amayi, ndipo iwo anaseka nati, "Amenewo anyamula nyumba chifukwa alibe abale m'njira. Iwe nyumba zako zinamangidwa kale m'midzi. Pita ku Mitundu ukaone agogo ako. Phiri liliko."

M'mawa mwake ndinakwera minibasi yolowera ku Lilongwe, ndi kutsikira pamphambano ya ku Bunda, pomwe ndinakwera ina ya ku Mitundu. Agogo anandilandira ndi nthungululu, nandiphera nkhuku. Pocheza usiku anandiuza kuti kale pa Bunda panali kachisi, kumene makolo ankapita kukapempha mvula. Anati mawa lake amalume akabwera kumsika adzatiperekeza kuphiriko.

Koma ine ndi msuweni wanga sitinathe kudikira. Dzuwa lili paliwombo tinazemba osatsazika munthu aliyense, opanda madzi, ine nditavala patapata.

Zimene tinaona pamwamba

Phiri la Bunda lili pafupifupi makilomita 30 kumwera kwa mzinda wa Lilongwe. Ndi thanthwe lalikulu loima lokha pakati pa chigwa. Tinaphunzira m'kalasi kuti mapiri otere ndi miyala yolimba imene inatsala pamene mvula ndi mitsinje zinali kukokolola nthaka ndi miyala yofewa kwa zaka zosawerengeka. Ndinaloweza mawu amenewa chifukwa cha mayeso, koma ndinawamvetsa tsiku limenelo, nditagwira thanthwelo ndi manja anga.

Pofika pamwamba tinapeza anthu alikupemphera, pakuti ambiri akwera phirili kukapemphera. Mphepo inali yozizira ngakhale kunsi kunali kutentha. Chifukwa chake n'chakuti munthu akakwera mamita 1,000 kutentha kutsika ndi madigiri 6 kapena 7. Ndipo ngakhale Bunda satalika chotero kuchokera patsinde pake, pamwamba palibe mtengo wotchinga mphepo.

Patsinde tinaona nyumba ndi minda ya sukulu ya zaulimi ya Bunda, imene inalowa mu Yunivesite ya Malawi m'chaka cha 1967, ndipo kuyambira 2012 ili pansi pa LUANAR. Kumpoto kunali kuyera malata a Lilongwe. Chakuvuma, kutsidya kwa kwathu ku Nathenje, kunaoneka phiri la Nkhoma, kumene amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anamanga mishoni m'chaka cha 1896. Chakuzambwe kunali mzere wautali wa mapiri a Dzalanyama pamalire a Mozambique, kumene kuchokera mtsinje wa Lilongwe, umene madzi ake amwedwa mumzinda atasungidwa m'madamu a Kamuzu ku Malingunde. Ndinaonanso chinthu chomvetsa chisoni. M'chigwa monse mitengo yambiri yatsala pamanda pokha, ndipo timagulu tobiriwira timene tinaona apa ndi apo tinali manda a midzi.

Zimene zinatigwera potsika

Tinachedwa pamwamba, ndipo ludzu linatigwira kolimba. Pofuna kufulumira tinasiya njira imene tinakwerera ndi kudzera ina imene tinayesa yachidule. Apo mpamene ndinadziwa kuti kutsika kuvuta koposa kukwera. Udzu wouma pathanthwe uterera ngati therere. Patapata wanga anaduka, ndipo msuweni wanga anagwa nabinya phazi. Tinafika pansi dzuwa litapendeka, mbali ya phiri imene sitinaidziwe, iye alikutsimphina atakoloweka dzanja paphewa panga. Mantha anandigwira pokumbukira kuti panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kumene tinali.

Mwamwayi tinakumana ndi mkulu wina ali pangolo ya ng'ombe. Tinagwada ndi kupereka moni.

"Zikomo, agogo. Tasokera, ndipo mnzangayu wavulala."

Iwo sanafunse maina athu, koma anati, "Ndinu ana a yani? Mfunda wanu ndani?"

Titatchula mudzi ndi agogo athu, nkhope yawo inasintha. "Ha! Adzukulu a Naphiri? Amenewo ndi alamu anga. Kwerani."

Anayamba atipatutsira kwawo, kumene tinamwa thobwa, ndipo anatiperekeza pangolo mpaka pakhomo pa agogo kutada. Tinapeza amalume atatuluka kale ndi tochi kukatifunafuna. Agogo sanatikalipire. Anangotenthetsa madzi nathowa phazi la msuweni wanga, nati, "Safunsa anadya phula." Mawu amenewo anandipweteka koposa chikoti.

Malangizo kwa ofuna kuyenda

Tsono anzanga, wofuna kukwera phiri pa tchuthi asunge izi:

1. Tsazikani akulu, ndi kuwauza phiri limene mukwera ndi nthawi imene mubwera.
2. Nyamukani mmamawa, kuti mutsike dzuwa lisanatenthe.
3. Tengani madzi okwanira, kamba monga mbatata kapena mtedza, nsapato zogwira bwino ndi juzi.
4. Yendani ndi munthu wodziwa njira, ndipo tsikirani momwe munakwerera.
5. Musayatse moto kapena kugubuduza miyala, pakuti kunsi kuli anthu ndi ziweto.
6. Dziwani maina a midzi ya abale anu ndi mifunda yawo. Tsiku la tsoka zimenezi zithandiza koposa ndalama.

Ndinakhala kwa agogo sabata ziwiri. Chimanga chija ndinatonoladi, ndipo potonola ndinamva mbiri ya banja lathu imene sindikadaipeza m'buku lililonse. Alendo aja sindiwanyoza ayi, pakuti anandiphunzitsa kuti phiri limene ife tingolipenya, ena aliyendera ulendo wautali. Koma sindisiriranso galimoto yawo. Amayi ananena zoona, ndipo chibale ndi fupa, sichiola. Pa tchuthi chikudzachi ndifuna kukakwera Nkhoma, ndipo ndalembera kale azakhali anga okhala kufupi ndi Kamphata kuti andiyembekezere.

Wophunzira wa Fomu 3