Moto wa Volkswagen Beetle: Zoyenera ndi Zosayenera

Fakitale ya ku Uitenhage ku South Africa inasiya kupanga Beetle mu 1979, koma zilipo zina zimene zikuyendabe chifukwa eni ake amazisamala. Injini yake ilibe madzi, imazizira ndi mphepo yokha, ndiye moto ukasokonekera sichedwa kutentha. Mavuto ambiri amene timanamizira kabuleta amayambira ku disitibyuta ndi mapulagi.

Zoyenera: Yambani ndi mapointi. Zungulizani injini mpaka atseguke kotheratu, muyeze mpata wake ndi fila geji ya 0.4 mm. Ilowe mokhudza pang'ono mbali zonse ziwiri.
Zosayenera: Musayeze ndi maso kapena chikatoni cha machesi. Mpata ukakula moto umafulumira, ukachepa umachedwa ndipo mapointi amapsa. N'chifukwa chake taimingi imabwera pambuyo pa mapointi. Mukayamba ndi taimingi, mudzaichita kawiri.

Zoyenera: Pakani kagirizi kochepa kwambiri pa kamu imene imatsegula mapointi.
Zosayenera: Kasafike pankhope pa mapointiwo.

Zoyenera: Mpata wa pulagi ukhale pakati pa 0.6 ndi 0.7 mm. Pindani kachitsulo kam'mbali kokha. Musanaitsuke, iyang'aneni kaye, chifukwa imakuuzani zimene zikuchitika m'kati. Yofiirira ngati khofi wothira mkaka ndiye kuti zili bwino. Yakuda ndi mwaye wouma, petulo akuchuluka. Yonyowa ndi oyilo, injini yayamba kutha. Imene ine ndimaiopa ndi yoyera mbee, chifukwa silinda imeneyo ikutentha mopyola, ndipo pa injini zakale kawirikawiri imakhala ya nambala 3.
Zosayenera: Musagule pulagi poona kuti ikulowa basi. Injini ya 1600 imafuna yamazinga aafupi, monga Bosch W8AC. Yaitali imatulukira m'kati, mazinga ake amagwira kaboni, ndipo tsiku loimasula imawononga hedi.

Zoyenera: Masulani mapulagi injini itazizira. Pobwezera, yambani kumanga ndi zala, sipanala ibwere pomalizira.
Zosayenera: Musakakamize ikayamba kulimba msanga. Hedi yake ndi ya aluminiyamu, chitsulo chofewa, ndipo mazinga akaphwasuka ntchito ya mphindi zochepa imasanduka ya masiku.

Zoyenera: Chotsani mawaya a mapulagi imodziimodzi. Moto umayenda 1-4-3-2, ndipo kamzere ka pamkombero wa disitibyuta kamaloza nambala 1. Bwezeraninso timalabala totseka mabowo amene mawayawo amadutsa. Ambiri amatiyesa tokongoletsa, pomwe ndi timene timaletsa mphepo yoziziritsa injini kuthawa.
Zosayenera: Musakoke waya pakati, gwirani kumutu kwake.

Zoyenera: Thimitsani kiyi injini ikazima.
Zosayenera: Musaisiye yoyatsa pomvera wailesi. Mapointi akakhala otsekeka, magetsi amangodutsa mu koyilo mpaka itapsa.

Zoyenera: Tcherani taimingi ndi getsi loyezera, molingana ndi nambala ya disitibyuta yanu, popeza Beetle inagwiritsa ntchito mitundu yambiri. Ya Bosch 009 imatcheredwa injini ikuthamanga kupitirira 3,000 rpm, moto ufike pakati pa madigiri 28 ndi 32.
Zosayenera: Musalole makaniko apotoze disitibyuta pongomvera kulira kwa injini. Moto wofulumira kwambiri umamveka bwino galimoto itaima, koma pachitunda, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, umaboola pisitoni.