PHUNZIRO: MAKATONI OTSALA TIKASAMUKA

Amayi anzanga, ambiri a ife kuno ku Katoto tinachita kusamukira. Ena amuna athu anasamutsidwa pa ntchito, ena ndife aphunzitsi kapena anamwino, enanso tinangosintha nyumba ya lendi. Tikamasula katundu, pakhonde pamatsala mulu wa makatoni, matumba, zingwe, nyuzipepala zokulungira mbale ndi majumbo. Poti tatopa, timangoti tiona mawa. Phunziro lathu likutilimbikitsa kugawa mulu umenewu sabata yoyamba isanathe.

Changu chake n'chifukwa cha nyengo yathu. Mzuzu ndi malo a mvula yambiri ndi chinyontho. Katoni ikakhala pa simenti imafewa ndi kuchita chuku, ndipo mphemvu, makoswe ndi chiswe zimalowamo. Ikafika pamenepo siingathandizenso munthu. Tiyeni tigawe muluwo panayi.

1. Zosunga

Sankhani makatoni olimba, muwaphwasule kuti akhale afulati, muwamange ndi chingwe ndi kuwaika pamwamba, osati pansi. Matumba muwakutumule ndi kuwapinda. Wa lendi sadziwa tsiku losamukanso, ndipo tsikulo likafika simudzayendanso m'magolosale kupempha makatoni.

2. Zopatsa ena

Amayi ogulitsa tomato ndi mazira mumsika wa Mzuzu amafuna makatoni tsiku lililonse. Aphunzitsi a sukulu za mkomba phala ndi a Sande Sukulu amadula zilembo ndi manambala pa makatoni kuti ana aziphunzirira. Woweta nkhuku amafunditsiramo anapiye m'miyezi yozizira ya June ndi July. Musaiwalenso banja limene likukonzekera kusamuka mumpingo mwathu.

3. Zobwezera kunthaka

Katoni wamba imapangidwa kuchokera ku mitengo, choncho imawola. Chotsani selotepi ndi timawaya, yalani katoniyo pakati pa mizere ya masamba, thirani madzi ndi kuphimba ndi udzu wouma. Tchire silimera chifukwa silikuona dzuwa, ndipo nthaka siuma msanga. Musayale pafupi ndi khoma la nyumba poopa kuitana chiswe.

Nyuzipepala ndi zidutswa za makatoni zimasandukanso zophikira. Zing'ambeni, ziviikeni m'madzi masiku awiri kapena atatu, zisinjeni mumtondo wakale umene simusinjiramonso chakudya, sakanizani ndi utuchi, umbani timibulu ndi kuyanika mpaka tiume gwa. Thumba la makala lidzakhalitsako.

4. Zotaya

Majumbo ong'ambika, selotepi ndi zoyera zopepuka zija zotetezera wailesi kapena firiji siziwola. Musaziotche. Utsi wake uli ndi poizoni, ndipo amene amavutika nawo kwambiri ndi makanda ndi odwala mphumu, kuphatikizapo a nyumba yoyandikana nayo amene sitinadziwane nawo n'komwe. Musazitayenso m'ngalande. Zimatseka njira ya madzi, madziwo amaima ndi kuswa udzudzu, ndipo zina zimakokoloka mpaka kumitsinje monga Lunyangwa. Vuto la pulasitiki ndi lalikulu kotero kuti m'chaka cha 2015 boma linaletsa majumbo opyapyala osafika mamaikironi 60, ndipo khoti lalikulu la apilo linavomereza lamuloli mu 2019. Zinyalala zotere zimangeni m'thumba limodzi ndi kufunsa anansi kumene khonsolo ya mzinda imatengera zinyalala m'dera lanu.

Chenjezo

Thumba limene munali feteleza, kapena katoni imene munali mankhwala a mbewu, musasungiremo ufa, nyemba kapena usipa. Majumbo akuluakulu akhale kutali ndi ana aang'ono, chifukwa mwana akavala jumbo kumutu akhoza kubanika.

Mafunso okambirana

(a) Pamene munasamuka komaliza, makatoni ndi matumba anu anathera kuti?
(b) Ndani m'dera lathu amene angapindule nawo lero?
(c) Tingamulangize bwanji mwaulemu mnansi amene amaotcha majumbo madzulo aliwonse?

Ntchito ya mwezi uno

Gulu lililonse lisankhe mayi mmodzi amene ali ndi malo ouma kuti azisunga makatoni ndi matumba a gulu. Banja likafika kumene, amayi awiri apite kukalilonjera ndi kulithandiza kugawa mulu wake. Banja lina likamachoka, likatenge makatoni kwa mayi wosungayo.