Madzi a Shire ndi Mphepo ya ku Tsangano

Magetsi ambiri amene timawerengera usiku amachokera mu mtsinje umodzi wokha, Shire: pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Madzi amazunguza makina popanda utsi, popanda dizilo. Koma mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Ngakhale kopanda namondwe, namasupuni ndi matope ochokera m'mapiri amene tadulamo mitengo zimatseka makinawo. Apa ukapitawo wa pa Genesis 2:15 ukutikhudza mwachindunji.

Nanga mphepo? Alimi a kachewere ku Tsangano amaudziwa mwera wa mu Juni ndi Julayi, mvula italeka. Suuma ngati mtsinje, koma umawomba pamene wafunira. Ukangoti zii, tidzafunika mabatire okwera mtengo, kapena kubwerera ku Shire komweko.