Phunziro: Mmene pampu ndi kompuresa zimadzazira tayala

Tauni ya Nkhata Bay ili m'munsi mwa mapiri. Munthu akamanga dengu la usipa pa njinga kufupi ndi doko la sitima ya Ilala, ulendo wake umayamba ndi chitunda. Tayala likakhala lofooka miyendo imalema msanga, ndipo likagunda mwala, limu imatsina chubu n'kuiboola. Tiyeni tione mmene mpweya umalowera m'tayala.

Pampu ya njinga ndi paipi chabe. M'kati mwake muli ndodo, ndipo kunsonga kwa ndodoyo kuli kachikopa kozungulira. Mukakoka ndodo, kachikopa kamapindika, mpweya n'kudutsa m'mbali kudzaza paipi. Mukakankha, kamatambasuka n'kutseka mbali zonse. Mpweya umasowa kothawira. Umapanikizika, kenako umalowa m'tayala. Mukapopa kwa kanthawi, gwirani kumunsi kwa pampu. Mumva kuti kwafunda, chifukwa mpweya ukapanikizidwa umatentha. Kachikopa kakauma pampu imangolira osadzaza tayala. Musaitaye. Donthezerani mafuta pang'ono pa kachikopako.

Nanga n'chiyani chimaletsa mpweya kutuluka? Ndi vavu. Njinga zambiri zakapalasa kuno zili ndi vavu ya mtundu wa Dunlop. Dzinali ndi la John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto amene anapangira mwana wake tayala la mpweya ku Belfast m'chaka cha 1887. M'vavu muli kachitsulo kokhala ndi bowo, kovala kamphira kakang'ono. Mpweya wochoka ku pampu umatukula kamphira n'kulowa. Mukasiya kupopa, kamphira kamabwerera n'kutseka bowo. Kamphiraka kakatha, tayala limaphwa usiku, ndipo ambiri amathamangira kunamizira chubu. Pakani kaye malovu pa vavu. Pakatuluka thovu, chubu ilibe mlandu.

Masiku ano kuli matayala opanda chubu. Magalimoto ambiri amayendera amenewa, komanso njinga zina zamoto ndi njinga zamakono zokwera m'mapiri. Tayala lenilenilo ndi limene limasunga mpweya. Milomo yake iwiri iyenera kumamatira ku limu osasiya mpata. M'matayala a njinga amathiramo madzi oyera omata. Minga ikabaya, madziwo amalowa pa bowo n'kuuma. Ambiri mwa madzi amenewa amapangidwa ndi utomoni wa mphira, wofanana ndi umene umadontha m'mitengo ya ku Vizara pa msewu wopita ku Chintheche.

Vuto limabwera poika tayala lotere koyamba. Milomo yake imakhala isanagwire limu. Mukapopa ndi pampu yamanja, mpweya umalowa pang'onopang'ono n'kutulukira m'mbali. Zimakhala ngati kutunga madzi ndi lichero. Ngakhale munthu wamphamvu angotuluka thukuta pachabe. Chofunika ndi mpweya wambiri wolowa nthawi imodzi.

Imeneyi ndi ntchito ya kompuresa. Nayo ndi pampu, koma imayendetsedwa ndi magetsi kapena injini, ndipo ili ndi thanki. Makina amapopera mpweya m'thanki mpaka udzaze. Wokonza matayala akatsegula, mpweya umatuluka mwamkokomo n'kukankhira milomo ya tayala ku limu. Mumamva kuti phaa! kawiri kapena katatu. Apo ndiye kuti tayala lakhala pamalo pake. Amisiri amayamba apaka madzi a sopo m'milomo ya tayala kuti iterere, ndipo amachotsa kachitsulo ka m'kati mwa vavu kuti njira ikule.

Tikompuresa ting'onoting'ono ta batire, tolowa m'chikwama, n'tabwino powonjezera mpweya panjira. Koma tambiri tilibe thanki, choncho timalephera kukhazika tayala latsopano. Funsani za thanki musanatulutse ndalama.

Kompuresa siidziwa kuti tayala lakhuta. Mukaitayirira, tayala limaphulika ndipo likhoza kuvulaza. M'mbali mwa tayala mumalembedwa nambala ndi zilembo PSI. Nambala yaikulu ndiyo malire a mpweya. Mukafika kunyumba lero, pukutani fumbi m'mbali mwa tayala la njinga yanu, muwerenge nambalayo, muilembe m'kope, mawa mudzawerengere anzanu m'kalasi.