Mpanda wa Ming'oma ya Njuchi: Kuteteza Madimba ku Njovu ku Kavalamanja

Amayi ndi abambo amene mumalima m'mbali mwa Zambezi ku Kavalamanja, za njovu simufunika kuuzidwa. Mudzi uli pafupi ndi nkhalango ya Lower Zambezi National Park, ndipo njovu zikatsikira kumadzi kapena zikamatsata masau, dimba la chimanga ndi maungu limatha usiku umodzi. Kugona pansanja, kuliza zitini ndi kufukiza tsabola kumathandiza ndithu, koma kumafuna munthu wochezera usiku wonse. Chida chimene tikukudziwitsani pano ndi mpanda wa ming'oma ya njuchi, ndipo mphamvu yake yonse ili pa chinthu chimodzi: njuchi zikhazikike m'ming'omamo. Zikasamuka, mwangotsala ndi mabokosi olendewera pawaya.

Njovu ili ndi khungu lokhuthala, komabe njuchi imailuma m'kati mwa chitamba, m'zikope ndi kuseri kwa makutu. Mu 2002 Fritz Vollrath ndi Iain Douglas-Hamilton anaona ku Kenya kuti njovu zimalambalala mitengo yopachikidwa ming'oma. Pambuyo pake Lucy King wa bungwe la Save the Elephants anapeza kuti ngakhale phokoso lokha la njuchi zokwiya limabalalitsa gulu la njovu, ndipo ndiye anakonza mpandawu. Ku Sagalla ku Kenya, pafupi ndi nkhalango ya Tsavo, zotsatira zofalitsidwa mu 2017 zinasonyeza kuti pa njovu 100 zilizonse zofika pampanda, pafupifupi 80 zinabwerera osalowa m'munda. Zina 20 zinalowabe, ndiye nsanja musaigwetse.

Mamangidwe ake savuta. Zikani nsichi ziwiriziwiri kuzungulira dimba, ndipo pakati pa nsichi ziwirizo pachikani mng'oma ndi waya kuti uzilendewera molekeza m'chifuwa mwa munthu wamkulu. Ming'oma italikirane mamita 10, ndipo yonse ilumikizidwe ndi waya wosalala umodzi. Njovu ikakankha wayayo, ming'oma imagwedezeka, njuchi n'kuyamba kulira ndi kutuluka. Pofuna kuchepetsa ndalama, mukhoza kusinthanitsa mng'oma weniweni ndi thabwa longoduliridwa ngati mng'oma. Ekala imodzi imakwana ndi yeniyeni 12 ndi yonamizira 12. M'kati pakani phula kuti fungo lake liitane njuchi.

Chimene ambiri amachipeputsa ndi kadenga ka udzu pamwamba pa mng'oma, koma kuno kuchigwa ndiko kofunika koposa. Njuchi zimasunga ana awo pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 35, pamene mu Okutobala dzuwa la kuno ku Feira limapitirira 40. Bokosi losiyidwa padzuwa limatentha m'kati mpaka zisa kufewa ndi kugwa, uchi n'kumachucha pakhomo, njuchi zitaunjikana panja zikukupiza mapiko. Zikafika pamenepo sizichedwa kusamuka. Choncho folerani kadenga kochindikala, kotulukira mbali zonse, ndipo pakati pa udzu ndi chivundikiro pakhale mpata woti mphepo izidutsa. Pafupi ikani phale la madzi lokhala ndi timiyala kapena tizitsotso poteramo njuchi kuti zisamire, chifukwa madzi ndiwo zimaziziritsira nyumba yawo. Nsichi ndi waya wopachikira muzipaka girisi kuti nyerere ndi linthumbu zisakwere, ndipo kumene kuli chiuli kulungani lata losalala pansichi. Misangu, masau ndi mitengo ina yochita maluwa m'mphepete mwa dimba isadulidwe, udzu wa pansi pa ming'oma upaliridwe moto wolusa usanayambe.

Wina anganene kuti njovu zimabwera usiku pamene njuchi zili chete. Zoonadi njuchi siziuluka bwino mumdima, koma mng'oma ukagwedezeka zimalira ndithu, zina n'kukwawira panja, ndipo njovu imene inalumidwapo imakumbukira fungo ndi phokosolo. Wina anganene za chilala, ndipo funso limeneli ndi lolemera. Ku Sagalla komweko, chilala chitakula ming'oma yambiri inatsala yopanda njuchi, njovu n'kumalowa mosavuta. Ife amene tinaona chilala cha 2024, chimene boma linachilengeza kukhala tsoka la dziko lonse, sitingalonjeze kuti mpandawu sudzafooka. Koma Kavalamanja ili ndi mwayi umene Sagalla ilibe: Zambezi saphwa, ndipo maluwa a maungu, nkhaka ndi therere m'dimba lothiriridwa amadyetsa njuchi pamene kutchire kuli gwaa. Nazonso njuchi ponyamula mungu zimathandiza kuti mbewu zimenezi zibereke bwino.

Nkhawa ya kulumidwa ndi yomveka. Njuchi za kuno ndi zaukali, choncho mpanda usadutse pafupi ndi njira ya kudooko, khola la mbuzi kapena posewerera ana, ndipo pofula uchi valani zodzitchinjiriza, mufule madzulo ndi utsi, osati kuwaula zisa ndi moto. Dziwaninso kuti mvuu siziopa njuchi. Kwa izo mpofunikabe ngalande kapena mpanda wolimba. Njovu ikazolowera kuthyola mpanda, kauzeni a Department of National Parks and Wildlife, amene ambiri timawatchulabe kuti a ZAWA.

Za mtengo wa matabwa ndi waya, mabanja oyandikana madimba akhoza kumanga mpanda umodzi pamodzi, kuyambira mbali imene njovu zimalowera. Uchi ndi phula zimabweza pang'onopang'ono zimene munawononga. M'chigwa cha Luangwa a bungwe la COMACO amagula uchi kwa alimi n'kuugulitsa pa dzina la It's Wild! Koma pofula musakokolole zisa zonse, siyaniko chakudya cha njuchi cha m'chilimwe. Ndipo popeza mng'oma watsopano umatha masabata kapena miyezi usanalowedwe, pachikani ming'oma musanabzale, osadikira kuti chimanga chimasule ngaiyaye.