ZA DZINA LA PHIRI KU MIGODI YA MKUWA

Munthu akaimirira pa msika wa Chisokone ku Kitwe, kapena wa Masala ku Ndola, naitana kuti, "A Phiri!" adzaceuka anthu ambiri. Komatu dziko limenelo ndi la Alamba, ndipo cinenero ca m'misewu yace ndi Cibemba. Nanga dzinali linafikako bwanji?

Poyamba Phiri silinali dzina la munthu mmodzi ai, koma ciwongo, ndiko kuti dzina la pfuko. Makolo amasimba kuti pamene Amaravi anali pa ulendo wocokera ku Uluba, ena anagona pamwamba pa phiri nachedwa Aphiri. Anzao anagona m'munsi atabanda udzu, nachedwa Abanda. Ufumu unakhala wa Aphiri: Kalonga wa ku Mankhamba, Undi ndi Lundu onsewo anali Aphiri, ndipo mai wa ufumuwo ndiye Nyangu. Abanda anasunga za mvula ndi za kacisi. Lero ciwongoci cikupezekanso pakati pa Ansenga, Atumbuka ndi Atonga a ku nyanja.

Njanji inafika ku Ndola m'caka ca 1909. Mgodi wa Nkana unayamba kuturutsa mkuwa mu 1932, ndipo mudzi wa Kitwe unakhazikitsidwa mu 1936. Anyamata a ku Fort Jameson, kumene tsopano ndi ku Chipata, a ku Petauke ndi a ku Nyasaland anapitako kukafuna ndalama za msonkho ndi za nsaru. Kalaliki polemba citupa anafuna maina awiri, monga mwa mwambo wa Azungu. Mnyamata, posowa laciwiri, anachula ciwongo cace. Motero dzina la pfuko linasanduka dzina la banja.

Apa ndipo pali msokonezo. Kale m'madera ambiri a Acewa mwana anatsata ciwongo ca mai wace, pakuti mbumba ili m'manja mwa mtsibweni. Koma buku la sukulu ndi la mgodi linalemba dzina la atate. Dr. Kamuzu Banda anadziwika ndi dzina la Banda, cinkana kwa amace anali Mphiri, ndipo mtsibweni wace anali Mbusa Hanock Msokera Phiri wa ku Kasungu. Comweco alipo Aphiri a pa pepala amene kwa amao ndi Abanda kapena Ambewe, ndipo alipo Aphiri eni eni obisika m'maina ena.

Nkhaniyi imalemera pa nthawi ya ukwati. Makolo sanalole anthu a pfuko limodzi kukwatirana. Mnyamata wobadwira ku Wusakile ndi namwali wa ku Chifubu angakhale ndi maina osiyana, osadziwa kuti agogo ao anaturuka m'mimba imodzi ku Katete. Awiri ena, onse Aphiri, angaopane cabe popanda cibale ciri conse. Cifukwa cace ankhoswe anzeru sakhutira ndi dzina la pa citupa. Amafunsa mudzi, mfumu, ndi ciwongo ca mai ndi ca agogo akazi, natumiza mau kumudzi asanabvomere.