Kodi laser ingayezedi zomwe zili m'mwala?

Funso: Ndikuphunzira za miyala ya m'migodi. Ndamva zoti pali makina oyeza mwala pouwombera ndi laser, osausungunula mu asidi. Kodi zotsatira zake n'zodalirika? Wophunzira, Zomba.

Yankho: N'zodalirika, bola mudziwe chimene makinawo akuyeza. Kuwala kwa laser kukaunjikana pa kadontho kochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi, pamatentha mpaka madigiri masauzande ambiri. Kachidutswa ka mwalawo kamasanduka plasma, ndipo maatomu ake amataya maelekitironi n'kutsala ndi mphamvu ya magetsi. Chipangizo chotchedwa mass spectrometer chimawakoka n'kuwathamangitsa m'chubu chopanda mpweya: opepuka amafika msanga, olemera pambuyo, ndipo nthawi imeneyi ndi imene imaulula ngati muli chitsulo, mkuwa kapena golide. Popeza sipafunika asidi ngakhale madzi, Russia inaika chipangizo chotere, LAZMA, pa chombo cha m'mlengalenga cha Phobos-Grunt mu 2011.

Okayikira amati manambala a makinawa amasocheretsa, ndipo akunena zoona mbali ina. Sodium amataya elekitironi mosavuta kuposa golide, choncho amatha kuoneka wochuluka kuposa mmene alili. Mankhwala ake alipo: kuyeza kaye galasi lodziwika kale zomwe lili nazo, monga NIST 610, n'kukonza manambalawo. Vuto lalikulu, m'kuona kwanga, ndi kuchepa kwa kadonthoko. Golide samwazikana mofanana m'mwala. Malo amodzi angakulonjezeni chuma chomwe kulibe.

Choncho wombani malo ambiri, ndipo funsani oyezawo kuti anayerekezera ndi chiyani. Ngati pakulowa ndalama, perani mwala wochuluka n'kuutumiza ku labotale yovomerezeka kuti akauyeze pousungunula.